Baklava: kuchokera ku Istanbul kufika ku Mabvuku

Baklava inakulira m'khitchini ya mafumu. Mabuku a ophika a kunyumba ya mafumu a Ottoman ku Istanbul amaitchula kale m'ma 1470, pa ulamuliro wa Mehmed II. Inali ntchito ya akatswiri. Ankakanda ufa wa tirigu, n'kuufutukula ndi ndodo yaitali mpaka upyapyale ngati pepala, kenako n'kuyala timapepalato tambirimbiri m'thireyi, kalikonse kopakidwa batala, pakati pake mtedza wosinja. Pa 15 mwezi wa Ramadani mfumu inkagawira asilikali ake otchedwa Janissary, thireyi imodzi kwa asilikali khumi, iwo n'kumaguba nayo m'misewu khamu likuonerera. Mwambowu unatha mu 1826 pamene Mahmud II anathetsa gululo.

Pofika nthawiyo chakudyachi chinali chitafalikira kale ku Greece, Syria ndi Lebanon. A ku Gaziantep amaika pistachio ndi manyuchi a shuga, ndipo mu 2013 bungwe la European Union linateteza dzina la baklava yawo. Agiriki amakonda walnut, sinamoni ndi uchi. Ena amayala timapepala 33 pokumbukira zaka za Yesu.

Agiriki anayamba kufika ku Rhodesia m'ma 1890, natsegula masitolo, namanga tchalitchi chawo cha Holy Trinity ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Anabwera ndi zakudya zawo. Zaka zomwezo anyamata a ku Nyasaland ankatsika wapansi kudzera ku Tete, ena kumigodi, ena kumafamu, ambiri kukakhala makhukhi m'nyumba za azungu. Ku Salisbury, malokeshoni a Mabvuku, ndipo kenako Tafara, anamangidwira antchito a m'nyumba za ku Highlands ndi Greendale. Zidzukulu za machona amenewa zilipobe, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, akutulukabe kumeneko. Zimandiwawa kuti agogo athuwa ankaphika zokoma zochuluka zimene ana awo sankazilawa n'komwe.

N'chifukwa chake ndimati baklava iphikidwe ku Mabvuku konkuno, ndi mtedza wathu. Pistachio ndi wokwera mtengo, koma mtedza wa kumsika wa Mbare Musika ukwanira. Ukazingeni, mufikise makoko, mupete, musinje pang'ono chabe, chifukwa mukapitirira usanduka chiponde. Ufa wofutukula umauma msanga, choncho timapepala todikira tifunditseni nsalu yonyowa pang'ono. Yalani khumi pansi, mtedza wosakaniza ndi sinamoni pakati, khumi ena pamwamba, osaumira batala. Dulani ndi mpeni wakuthwa musanaike pamoto, poti ikapsa imangoyoyoka.

Moto ukhale wofatsa, mphindi 45 kapena kupitirirapo, kufikira pamwamba pafiire. Magetsi akathima, mbaula igwira ntchito: makala ochepa pansi, ena pachivundikiro, monga tiphikira chigumu. Uchi muuwiritse ndi madzi, shuga ndi ndimu, ndipo uzizire kaye. Muuthire thireyi itangotsika pamoto, mudzamva kuti chwee! Mukathira wotentha pa yotentha ikhoza kufewa kwambiri. Ana adzakuzungulirani, koma auzeni adikire mpaka mawa, uchi ulowerere kufika pansi.