Kodi Ford Model T inali yakuda nthawi zonse?

Anzanga, mukamva za Ford Model T mumangoti yakuda basi, eti? Dikirani kaye. Itangotuluka ku Detroit mu 1908, galimotoyi inkabwera yofiira, yobiriwira kapena yotuwa. Kenako kunabwera buluu woderapo, yemwe pa zithunzi zakale amangooneka ngati wakuda. Penti wakuda yekhayekha analamulira kuyambira 1914 mpaka 1925, mitundu ina n'kubwereranso mu 1926.

Ndiye mukadzapatsidwa yoti muikonze, musathamangire kupopera penti. Yambani mwaona nambala ya pa injini, imaulula chaka chake. Kenako palani pang'ono pamalo obisika, ngati kunsi kwa mpando, pomwe dzuwa ndi opentanso sanafikepo. Mukaphonya mtundu, ndiye kuti mwafufuta mbiri ya galimotoyo, ndipo ogula odziwa zinthu adzakugwetserani mtengo.