Tidziwa kukonza chithunzi, nanga kuchisunga?

Tonse tinakhalapo pa nyumba ya maliro, kaya ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere, pamene funso lija lifika: "Ndani ali ndi chithunzi chabwino cha malemu?" Chifunika pa pulogalamu ya maliro, pa T-shirt, ndi mu fulemu imene mwana amanyamula patsogolo pa bokosi ku Chingwere. Ngati amene atisiya ndi ambuya a zaka 80, nkhani sivuta. Wina alowa kuchipinda, atsegula sutukesi, atulutsa alubamu, ndipo ambuya ali pomwepo, atavala duku, ataima pafupi ndi maluwa a pulasitiki mu situdiyo. Koma ngati ndi mnyamata wa zaka 25, amene anajambulidwa kambirimbiri kuposa ambuya ake, timayamba kuthamangathamanga. Foni yake inabedwa mu basi, pasiwedi palibe aidziwa, ndipo chimene tapeza ndi kachithunzi ka pa status, kosaoneka bwino, khungu litayeretsedwa ndi filter.

Ife amene tithandiza pa wailesi ya m'dera timalandira zidziwitso za maliro pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mabanja ambiri amatipatsa ndi chithunzi choti tiike pa tsamba la wailesi. N'chifukwa chake vutoli tiliona kawirikawiri. Kuti timvetse mmene tinafikira pano, tiyenera kubwerera kumbuyo, chifukwa ntchito ya wojambula inali ndi mbali ziwiri kuyambira kudala: kukonza chithunzi ndi kuchisunga. Mapulogalamu a pa kompyuta anakula m'mbali zonse ziwiri. Kuno ku komboni tinatenga imodzi chabe.

Kukonza zithunzi sikunayambe ndi kompyuta. Mu tauni ya Lusaka, Fine Art Studios inayamba kujambula anthu m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko ndiko kumene ba Alick Phiri anaphunzira ntchito, ndipo pambuyo pake anatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama. Anthu a ntchito imeneyi anali kutsuka zithunzi, kapena kuti kuwasha monga tikambira, m'kachipinda ka mdima koyatsa getsi lofiira. Ngati nkhope yada maningi, wotsuka anali kutchinga kuwala ndi dzanja kapena kakatoni kuti mbali imeneyo isapse. Chipsera anali kuchifafaniza pa negetivu ndi pensulo yosongoka. Ena anali kupaka utoto ndi kaburashi pa chithunzi chakuda ndi choyera kuti diresi ioneke yofiira. Luso limeneli linali lofunika kwambiri kwa ife anthu akuda, chifukwa kwa zaka zambiri makina otsukira zithunzi zamitundu anali kuyesedwa ndi khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lokhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu. Mitundu inali kulinganizidwa ndi khungu lake, osati lathu.

Kusunga nakonso kunali ndi dongosolo lake. Negetivu inali kulowa mu envulopu yolembedwa nambala, nambalayo n'kulembedwa m'buku pamodzi ndi dzina ndi tsiku. Ukabwera patapita chaka ndi risiti, anali kukuwashira china. Filimu imodzi inali ndi malo 24 kapena 36 chabe, ndiye kameramani woyenda pa njinga m'komboni pa Sondo sanali kuwononga. Unali kulipira dipoziti, kudikira sabata, kenako kulandira pepala m'manja. Mapepala amenewo ndi olimba. Zithunzi zambirimbiri zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios zinakhala pamwamba pa nyumbayo zaka makumi, popanda malaiti kapena pasiwedi, mpaka ba Sana Ginwalla atazipeza n'kuyamba nazo ntchito yosonkhanitsa zithunzi zakale yotchedwa Zambia Belonging.

Kutsidya kwa nyanja zinthu zinali zitayamba kusintha. Mu 1975 injiniya wa ku Kodak, Steven Sasson, anapanga kamera yoyamba yopanda filimu. Inali kutenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Makompyuta okonza zithunzi analipo, koma anali okwera mtengo moti makampani akuluakulu osindikiza okha ndiwo anali kukwanitsa. Mu 1982 magazini ya National Geographic inagwiritsa ntchito makina otero kusendeza mapiramidi a ku Egypt kuti akwane pa chikuto, ndipo anthu atadziwa anadandaula. Mkangano wakuti chithunzi chikamba zoona kapena chinama unayamba tisanagwirepo mausi.

Mu 1987 Thomas Knoll, wophunzira pa University of Michigan ku America, analemba kapulogalamu koonetsa zithunzi pa kompyuta ya Macintosh. M'bale wake John, amene anali kugwira ntchito ku Industrial Light & Magic, kampani yopanga zodabwitsa za m'mafilimu, anamulimbikitsa kuti akakulitse. Kampani ya Adobe inagwirizana nawo, ndipo mu February 1990 Photoshop yoyamba inatuluka, pa mtengo wa madola 895. Mu 1994 Photoshop 3.0 inabweretsa ma layers. Ganizirani mapepala a pulasitiki oonekera osanjikizana: munthu ali pa lina, thambo pa lina, malemba pa lina, ndipo ungasunthe limodzi osakhudza enawo. Chaka chomwecho Zamnet inayamba kupereka intaneti kuchokera ku UNZA, pamene ambiri a ife tinali kusewera chimpombwa m'fumbi. Mu 1998 Photoshop inayamba kukumbukira masitepe ambiri kuti ubwerere kumbuyo ukalakwitsa, ndipo mu 2002 Photoshop 7.0 inabweretsa healing brush, yochotsa chiphuphu n'kusiya khungu looneka ngati silinakhudzidwe. Ntchito imene wotsuka anali kuchita ndi pensulo kwa ola lathunthu inakhala ya masekondi.

Photoshop 7 imeneyo ndiyo ambiri a ife tinakumana nayo poyamba, mu tumashopu totayipa ndi kufotokopa pafupi ndi msika. Inali kuyenda pa CD ndi pa flash kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndipo za laisensi palibe anali kufunsa. GIMP, pulogalamu yaulere imene ophunzira awiri a ku Berkeley anatulutsa mu 1996, inalipo, koma dzina limene linakhazikika pakamwa pathu ndi Photoshop. Anyamata anaphunzira poyang'ana pa phewa la mnzawo. Unali kulowa ndi T-shirt yong'ambika, n'kutuluka pa chithunzi utavala jekete ndi tayi, wokonzeka kufunsira ntchito. Unali kujambulidwa pa khoma la mabuloko ku Kalingalinga, n'kupezeka waima pa Victoria Falls kapena pafupi ndi ndeke. Makadi a kitchen party, makalenda a mpingo, zikuto za ma CD a oimba a ku Matero, zonse zinatuluka m'manja mwa anyamata amenewa. Linali luso lenileni, ndipo linadyetsa mabanja.

Koma makamera opanda filimu anabweretsa vuto latsopano. Wojambula ukwati anali kubwerako ndi zithunzi mazana, zonse ndi maina ngati DSC_0417. Upeza bwanji cha amake a mkwatibwi patapita zaka zitatu? Apa ndipo panabadwira mtundu wachiwiri wa mapulogalamu, osunga ndi kusanja. Mu 2004 Google inagula Picasa n'kuipereka kwaulere. Mu 2005 Apple inatulutsa Aperture, ndipo mu 2007 Adobe inayankha ndi Lightroom. Nzeru yake inali iyi: fayilo yoyamba yochokera mu kamera, imene ojambula amaitcha RAW, siikhudzidwa, monga negetivu. Pulogalamu imangolemba padera zimene wasintha, ndipo ungabwerere ku chithunzi choyamba tsiku lililonse. Kamera nayo imalemba yokha mkati mwa fayilo tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera, ndipo iwe uwonjezera maina a anthu ndi malo. Kunena zoona, inali envulopu ija ndi buku lija la mu situdiyo, zitalowa mu kompyuta.

Mbali imeneyi ndiyo sinakhazikike kwathu, ndipo zifukwa zake tizidziwa. Hard drive inali yaing'ono ndi yodula. Malaiti anali kuzima pakati pa ntchito. Flash iliyonse inali kubwera ndi vairasi yake, ndipo mankhwala amene tinali kudziwa ndi kufomata kompyuta yonse. Kasitoma anali kulipira pepala losindikizidwa, osati kusungiridwa, ndiye akatenga chithunzi chake fayilo inali kufufutidwa kuti papezeke malo. Zosafufutidwa zinali kugona mu foda yotchedwa New Folder, mkati mwa New Folder ina. Ena a ife tinabwererapo ku situdiyo ina kukafuna zithunzi za ukwati wa achemwali athu patapita zaka zinayi, n'kuuzidwa kuti kompyuta ija inapsa kalekale. Palibe anachita mwadala. Kungoti panalibe amene anaona kusunga ngati ntchito yake.

Kenako makampani anasintha njira yogulitsira. Mu 2013 Adobe inalengeza kuti Photoshop yatsopano siidzagulidwanso kamodzi, koma munthu azilipira mwezi ndi mwezi kupyolera mu Creative Cloud. Kwa wojambula wa ku Kanyama amene alandira makwacha, kulipira madola ndi khadi la banki mwezi uliwonse si nkhani yaing'ono. Apple inaleka kugulitsa Aperture mu 2015, ndipo Google inatseka Picasa mu 2016. M'malo mwake munabwera Google Photos, imene inayamba mu 2015 ndi lonjezo losunga zithunzi zopanda malire kwaulere. Pa 1 June 2021 lonjezolo linatha: zithunzi zatsopano zinayamba kuwerengedwa mu 15 GB yaulere, ukapitirira ulipire. Ife a m'komboni tidziwa bwino za lendi. Nyumba ya lendi ndi yako mpaka tsiku limene mwini wake asintha maganizo.

Pamene kusunga kunali kusanduka lendi, kukonza kunali kutsika mtengo mpaka kufika pa zero. Instagram inabwera mu 2010 ndi ma filter a kungodina kamodzi, Snapseed mu 2011. Manje ka Tecno kapena ka Itel kogula ku Katondo Street kachita m'thumba mwako zimene kompyuta ya 1990 sinali kulota. Kamera yambiri ya pa foni imasalalitsa nkhope usanapemphe n'komwe, ndipo tonse tidziwa mzere uja umene ukaukoka khungu limayera. Agogo athu anavutika ndi filimu yosaona bwino khungu lakuda. Ife tili ndi makamera oliona bwino, koma tiliyeretsa tokha. Komanso chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo, ndipo tsiku ndi nthawi zija zolembedwa mkati mwake zimachotsedwa. Chikadutsa m'magulu atatu, wina n'kuchitenga ndi screenshot, chatsala ndi mthunzi chabe.

Apa ndipo timathamangira ku mapulogalamu a AI. Mu 2010 Photoshop inayamba kudzaza yokha malo amene wachotsapo chinthu, potengera zimene zili pambali. Mu 2023 inabweretsa Generative Fill: ulemba mawu, iyo n'kujambula chimene sichinalipo. Pa foni palinso ma app olonjeza kuyeretsa chithunzi chosaoneka bwino. Tiyenera kumvetsa mmene agwirira ntchito. Sabweza zimene zinatayika, chifukwa zimenezo kulibenso. Amangoyerekeza, potengera nkhope zambirimbiri za anthu ena zimene anaphunzirapo. Pa maliro ena tinachita zimenezi ndi kachithunzi ka mnzathu. Chinatuluka chowala bwino, mano ali mbee, maso akuthwa. Titaonetsa amake, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ana inu, uyu ndi mwana wa ndani? Wanga anali ndi mpata pa mano." Tinachita manyazi. Pa fulemu tinaika chija chosaoneka bwino, chifukwa m'menemo ndimo munali mwana wawo.

Sitikamba kuti tibwerere ku filimu, kapena kuti kukonza chithunzi ndi tchimo. Ojambula akale nawonso anali kukonza. Kusiyana kwake n'kwakuti anali kusunga negetivu. Ife tingachite chimodzimodzi ndi zimene tili nazo. Musanaike filter, siyani choyambacho osachikhudza. Chithunzi chofunika chitumizeni ngati document kuti chifike chathunthu. Chisungeni m'malo awiri, pa intaneti ndi pa memory card kapena flash yokhala kunyumba, ndipo m'bale mmodzi amene mumukhulupirira adziwe pasiwedi. Mukalemba wojambula pa ukwati kapena pa chilanga mulilo, mugwirizane poyamba kuti adzakupatsani ndi mafayilo. Inu amene muli ndi masitudiyo, foda iliyonse ikhale ndi tsiku ndi dzina, monga buku lija la kudala. Ndipo chaka chilichonse sindikizani zithunzi khumi chabe za banja, lembani kumbuyo ndi pensulo dzina, malo ndi chaka, mangani mu pulasitiki, n'kuika pamwamba pa wodiropu, pamene madzi a mvula ya ku Kanyama sangafike.

Chomaliza ndi chofunika kuchita msanga. Sondo ikubwerayi pitani kwa ambuya, apempheni atsegule sutukesi ija. Jambulani chithunzi chilichonse cha mu alubamu ndi foni yanu, masana, popanda filter. Kenako afunseni: uyu ndani, apa ndi kuti, chinali chaka chanji? Lembani zimene akuuzani akali ndi moyo. Palibe pulogalamu, ya 1990 kapena ya chaka chino, imene idziwa dzina la mayi uja waima kumanzere kwawo.