MBIRI YA MIKANDA, KWATHU KUNO NDI KUCHILENDO

Amayi anzanga, a komiti atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'buku lino la chikumbutso, ndidatsegula sutikesi yakale ya malemu mayi anga kuti ndifunemo zithunzi. Zithunzizo sindidazipeze, koma pansi pa zitenje ndidapezapo kachitini ka tiyi kodzaza ndi mikanda yofiira, yoyera, yakuda ndi yobiriwira. M'kachitinimo mudalinso singano ziwiri zadzimbiri ndi mkanda wa m'khosi umene mayi adausiya asadamalize kutunga. Mdzukulu wanga wa Fomu 2 atauona adafunsa kuti, "Agogo, kodi zimenezi si zamankhwala?" Funsoli lidandiwawa mumtima, koma mwanayo sadalakwe. Tidalakwa ndife amene sitidamuuze. Nchifukwa chake ndasankha kulemba mbiri ya mikanda, monga ndidamvera kwa akuluakulu ndi kwa anthu ophunzira amene adafufuza zakale.

Mikanda ya makolo athu

Ambiri timaganiza kuti mikanda idabwera ndi Azungu. Si choncho ayi. Ku phiri la Hora, m'boma la Mzimba, akatswiri ofukula zakale adapeza mikanda yopangidwa ndi zigoba za nkhono, ndipo atayeza adaona kuti ina idapangidwa zaka zoposa 9,000 zapitazo. Nthawi imeneyo kudalibe khasu kapena munda, anthu ankadya nyama zosaka ndi zipatso za m'tchire. Komabe munthu ankakhala pansi, kuswa chigoba, kuboola kachidutswa kalikonse ndi kukanola pamwala mpaka kakhale kozungulira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ya mikanda idayamba ndi kudekha komweko, ndipo mpaka lero munthu wopupuluma saitha.

Mikanda ya galasi idafika pambuyo pake kudzera kunyanja yamchere ya kum'mawa. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga mfumu ya Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yambirimbiri ya galasi, zinthu za mkuwa, zidutswa za minyanga ya njovu ndiponso mapale a mbale za ku China. Zimenezi adazilemba m'buku lake limene lidatuluka mu 2020. Tikuona tsono kuti m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, Livingstone asadabadwe n'komwe, amayi a kuno ankavala kale mikanda yochokera kutsidya kwa nyanja, makamaka ku India. Makolo athu ankapereka minyanga, chitsulo ndi nsalu zoomba okha, n'kulandira mikanda ndi nsalu zachilendo.

Angoni nawo atawoloka Zambezi mu 1835 adabwera ndi kavalidwe kawo kochokera kumwera. Amene mudaonako ngoma ku Ntcheu kwa Gomani kapena ingoma ku Mzimba mukudziwa m'mene amayi amatchenera mikanda kumutu, m'khosi ndi pachifuwa. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, mikanda ya m'chiuno idali chuma cha mkazi, ndipo namwali ankailandira pamodzi ndi mwambo kwa anamkungwi. Yoyera, yofiira ndi yakuda ili ndi mawu ake m'banja. Izi sindifotokoza pano popeza buku lino awerenganso ana, koma alangizi athu akuzidziwa bwino.

Mikanda ndi misozi

Mbiri yoona siibisa zowawa. M'zaka za m'ma 1800 mikanda yambiri inkapangidwa ku Ulaya, makamaka ku Venice m'dziko la Italy ndi ku Bohemia, kumene lero ndi dziko la Czech. Inkafika pa zombo ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, ndipo kuchokera kumeneko Aluya, Apwitikizi ndi amalonda a Chiyao ankaisenzetsa anthu kubwera nayo kuno. Pobwerera ankatenga minyanga ya njovu, koma ankatenganso anthu. Mwana wa munthu ankagulidwa ndi nsalu, onga wa mfuti ndi mikanda.

David Livingstone adalemba kuti mu 1854 mfumu Shinte, kumpoto cha kumadzulo kwa dziko limene lero ndi Zambia, idampatsa mphande, chigoba choyera cha kunyanja yamchere chija mafumu ankavala pachifuwa. Adamuuza kuti mphande ziwiri zinkagula kapolo mmodzi, pamene zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Taganizani amayi, mnyanga kuposa munthu mtengo!

Izi sizidachitikire kutali kokha. M'mwezi wa July 1861, pamudzi wa Mbame, kufupi ndi Blantyre popita ku Chikwawa, Livingstone ndi anzake adamasula akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete. Ambiri adali amayi ndi ana. Mmodzi mwa anyamata amene adamasulidwa chaka chimenecho ndi Chuma, Myao, amene pambuyo pake pamodzi ndi Susi adanyamula mtembo wa Livingstone mpaka kugombe mu 1873 ndi 1874. Awiriwa atapita ku Mangalande adafotokoza maina a mikanda imene inkayenda malonda. Udalipo wina wofiira kunja koma woyera m'kati, umene anthu ankaukonda koposa. Anthu a ku Nyasa ankautcha magazi, ndiye kuti mwazi. Adautcha choncho chifukwa cha kufiira kwake, koma ife odziwa zimene unkagula tingathe kulimva dzinalo mwa njira ina.

Chinanso chimene apaulendo a nthawiyo ankadandaula nacho ndi chakuti amayi a kuno ankasankha. Mtundu umene ukuyenda malonda mudzi uno, tsidya linalo ankaukana, ndipo umene udakondedwa chaka chatha, chaka chino palibe woufuna. Mzungu wonyamula mikanda yolakwika ankagona ndi njala chifukwa palibe ankampatsa ufa kapena nkhuku. Tsono tisamati agogo athu ankangotola chilichonse chonyezimira.

Mandala ndi masitolo a ku Limbe

Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, padabweranso kampani ya malonda mu 1878, yotsogoleredwa ndi John Moir ndi mbale wake Frederick. Anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John, ndipo nyumba yawo ya 1882 ilipo mpaka lero. Ndalama zachitsulo zisadafale, antchito ndi amtengatenga ankalipidwa nsalu, ndipo mikanda ndi mchere zinkagula zakudya. Ndalama zitazolowereka, mikanda idaleka kukhala yogulira zinthu, idatsala yovala ndi yopatsana.

Njanji itafika mu 1908, Limbe idakula chifukwa cha sitima ndi fodya, ndipo Amwenye adatsegula masitolo ambiri. Kumeneko ndi kumene amayi athu ankagula mikanda, singano, ulusi, biriwita ndi zibangili. Blantyre ndi Limbe zidaphatikizidwa mu 1956. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula Amwenye kuti achoke kumidzi akachitire malonda awo m'matauni akuluakulu okha. Ndikukumbukira azakhali anga a ku Chiradzulu akutuma aliyense wobwera ku Limbe kuti akawagulire mikanda, popeza sitolo imene ankagulako kwawo idatsekedwa.

Mikanda kuchilendo

Tsopano ndifike pa kachitini kaja. Monga mukudziwa, abambo ambiri a dziko lino adapita kukagwira ntchito kunja. Opita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ankapita okha, akazi ankatsala kumudzi. Ulendowo udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Koma opita ku Rhodesia ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi Ndola, ambiri ankaitanitsa mabanja awo.

Bambo anga adapita ku Salisbury mu 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mayi adawatsatira mu 1960 ine ndili kumbuyo. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku lokeshoni ya Harare, imene lero amati Mbare. Eni dziko ankatitcha Manyasarandi kapena Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu achokere ku Dowa kapena ku Nkhata Bay. Mayi sankadziwa Chishona. Kumudzi tsiku linkawathera kumunda, kumtondo ndi kudambo, koma kumeneko bambo akapita kuntchito m'mamawa, iwo ankasesa kachipindako, kuphika, n'kungokhala. Adandiuza ndili wamkulu kuti miyezi yoyamba ankalira masana alionse, ndipo adatsala pang'ono kupempha bambo kuti awakweze sitima.

Chidawathandiza ndi mikanda. Tsiku lina adagula ya tiki kumsika, naitunga monga adawaphunzitsira agogo. Amayi ena awiri a kwathu, wina wa ku Ntcheu wina wa ku Mulanje, atawaona pakhonde adabwera kudzacheza, ndipo posakhalitsa adayamba kukumana masana pamphasa. Padabweranso mayi wina wa Chindebele wa nyumba yoyandikana. Iye adawaphunzitsa kuluka ndi singano kuti mikanda ikhale yotambalala ngati lamba, ya maluwa a ngodya zitatu. Iwo adamphunzitsa kutunga mizere yambiri ndi kuipota pamodzi. Poyamba ankalankhulana ndi manja okha, ndipo Chishona ndi Chindebele chimene mayi adadziwa adachiphunzirira pamphasa pomwepo.

Katungidwe kawo ndikukakumbukira bwino. Ankayala kansalu m'mbale kuti mikanda isamagubuduke, mtundu uliwonse pakona pake. Ulusi ankaupinda pawiri ndi kuupaka phula la kandulo kuti ulimbe ndiponso usapotane. Mikandayo sankaitola ndi zala, ankaitola ndi nsonga ya singano. Ndipo ankawerenga: itatu yofiira, umodzi woyera, itatu yofiira. Ukasokoneza pamodzi pokha duwa lonse lapotoka, uyenera kumasula mpaka pamene udalakwira. Ine ndidamasula kambiri ndikulira, mayi osandimvera chisoni.

Poyamba sankagulitsa. Agogo anga kumudzi sankadziwa kuwerenga, ndipo kalata ankachita kukawerengetsa kwa aphunzitsi, nkhani za m'banja n'kumveka mudzi wonse. Tsono munthu akamabwera kumudzi, mayi ankampatsira mkanda. Agogo akauona ankazindikira dzanja la mwana wawo, nadziwa kuti ali moyo, maso akuona ndipo mtima uli m'malo. Mng'ono wanga atabadwa, mayi adatumiza kamkanda kakang'ono koyenera dzanja la khanda pamodzi ndi wa agogo, ndipo agogo adalulutira kalata isadawerengedwe. Pambuyo pake anthu adayamba kuitanitsa, ndipo mashilingi a mikanda ndi amene adandigulira yunifolomu ndi mabuku mpaka pamene ndidalekezera sukulu.

Tidabwerera mu 1972 n'kudzakhala ku Bangwe. Anzawo ena a mayi sadabwerere, adasanduka machona, ndipo adzukulu awo ali komweko m'dziko la Zimbabwe. Mayi ankawatchula maina mpaka ukalamba wawo, makamaka akatenga singano.

Nanga lero?

Ulendo wa kuchilendo sudathe. Lero amene akupita ndi ana athu aakazi, ku Johannesburg, Cape Town, ku Mangalande ndi kwina. Mwana wanga wachiwiri amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Sabata yonse sayankhula Chichewa ndi munthu, kupatula pa foni. Chaka china adadwala maganizo, tulo osabwera. Atabwera kutchuthi ndidamkhazika pamphasa ndi kumphunzitsa zimene adakana kuphunzira ali mtsikana. Tsopano pa tsiku lake lopuma amatunga ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi pamodzi ndi anzake atatu, ndipo amanditumizira zithunzi pa WhatsApp kuti ndimuuze pamene walakwitsa. Zipangizo zasintha. Iye amatungira pa ulusi wa nailoni wonga wa mbedza, ndipo mikanda yambiri ya masiku ano ndi ya pulasitiki yochokera ku China. Ena amapanga mikanda ndi mapepala a makalendala akale, kuwadula mosongoka, kuwakulunga pa kamtengo ndi kuwapaka vanishi. Koma kuwerenga ndi kudekha n'komwe kuja.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kuno kwathu. Mumsika wa Limbe ndi kwa ogulitsa ziboliboli m'tauni ya Blantyre mikanda ilipo, koma atsikana athu amagula yotunga kale, ndipo ena amaiopa monga adachitira mdzukulu wanga. Amayi odziwa kuluka maluwa akale akutha mmodzimmodzi, ndipo luso limeneli silidalembedwe m'buku, lili m'zala zawo. Mayi wotere tikamuika m'manda, taika ndi maluwa ake.

Tsono pempho langa ndi ili. Aliyense afufuze m'sutikesi ndi m'mabasiketi a kwawo. Mukapeza mikanda yakale musataye kapena kutentha, funsani akuluakulu kuti idachokera kuti ndipo adatunga ndani, mulembe pakapepala ndi kusunga pamodzi. M'magulu athu a ntchito zamanja, pamene timaphunzira kusoka ndi kuluka, tipatuleko tsiku limodzi pamwezi loti amayi achikulire atiphunzitse mikanda, ndipo tibwere ndi atsikana athu. Amene mungathe, pitani nawo ana ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri, imene idatsegulidwa mu 1966, kapena ku Kungoni ku Mua, akaone okha kavalidwe ka makolo awo. Ndipo amene muli ndi mwana kunja, pomtumizira ufa, chambiko ndi usipa, muikemonso singano ndi kapaketi ka mikanda.

Mkanda uja mayi adausiya, ine ndi mdzukulu wanga tayamba kuumaliza Loweruka lililonse. Wamasula kale kanayi, koma sadagwe mphwayi. Ukatha tidzautumiza ku Johannesburg kwa azakhali ake.



Ine wanu,
Mlembi wa Bungwe