Chidole chamadzi chimene chinaphunzitsa azamba kupumitsa makanda

Kuphunzira kubereketsa pa chidole si nzeru ya dzulodzuloli. Mu 1759 mfumu ya ku France, Louis XV, inatuma mzamba Angélique du Coudray kuti azungulire midzi akuphunzitsa amayi anzake, ndipo ankayenda ndi thupi la mayi losokedwa ndi nsalu ndi chikopa, kakhanda kansalu kali m'kati. Mu 1960 Åsmund Laerdal, mmisiri wa zoseweretsa ana ku Stavanger m'dziko la Norway, anatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirira kuuzira munthu mpweya m'kamwa. Kuyambira pamenepo zidolezi zinangokwererakwerera. Zamakono zimaphethira, zimabuula, zimayendera kompyuta, ndipo mtengo wake chipatala cha kumudzi sichingaulote n'komwe.

Motero kumene makanda ankafa kwambiri n'kumene kunalibe chophunzirira. Namwino wambiri ankagwira koyamba kathumba kopopera mpweya ali ku leba, khanda lenileni lili lefuu m'manja mwake.

Zinasintha mu 2010, pamene bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linagwirizana ndi WHO, USAID, Save the Children ndi kampani ya Laerdal kuyambitsa maphunziro a Helping Babies Breathe. Chida chawo chinali NeoNatalie, kachidole kapulasitiki kosasowa magetsi kapena mabatire. Ukakathira madzi ofunda kamalemera ndi kufunda ngati khanda longobadwa kumene. Mphunzitsi amafinya timipira kumbali kuti chifuwa chikwere kapena mchombo ugunde. Phunziro lake n'lachidule: mupukute mwana, mumusisite kumsana, ndipo ngati sakupumabe, muyambe kumupopera mpweya miniti yoyamba isanathe.

Tanzania inali itayamba kale kuyesa njirayi mu 2009 m'zipatala 8. Zotsatira zimene Dr Georgina Msemo ndi anzake anasindikiza mu 2013 zinadzidzimutsa anthu: imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 peresenti, ndipo olembedwa kuti abadwa akufa anachepa ndi 24 peresenti. Chachiwirichi n'chowawa mukachiganizira. Ena mwa ana amene kale ankangokulungidwa m'chitenje kuti ndi mtayo anali ndi moyo, kungoti sanayambe kupuma.

Koma nkhani imene ine ndimaiona yaikulu inachitika ku Haydom, chipatala cha mpingo wa Lutheran kumpoto kwa Tanzania. Azamba kumeneko anaphunzira tsiku limodzi. Patapita miyezi anawayesa pa chidole, ndipo anakhoza bwino ndithu. Komabe anthu amene ankalemba zochitika pa kubadwa kwa mwana aliyense anapeza kuti ku leba zinthu sizinasinthe. Mu 2011 anachitulutsa chidolecho m'kalasi n'kuchiika ku leba komweko, kuti mzamba aziyeserera mphindi zochepa koma pafupipafupi, mnzake akumuona. Imfa za tsiku loyamba zinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti.

Malawi inalandira maphunzirowa mu 2011. Tonse tikuudziwa mwambo wa masemina kuno kwathu: masiku angapo ku hotelo, alawansi, setifiketi, kenako chida chokhomedwa m'kabati ya sisitala kuti chisabedwe. Za ku Haydom zimautsutsa mwambo umenewu poyera, makamaka poti wophunzirayo mawa asamutsidwa, wobwera m'malo mwake chidolecho sanachigwirepo.

Ubale wa Tanzania ndi kampani ya Laerdal nawo unaleka kukhala wa wopereka ndi wolandira. Azamba ndi madokotala a ku Tanzania anagwira ntchito limodzi ndi amisiri a ku Stavanger popanga kathumba kopopera koimirira ndi Moyo, kachipangizo komvera mtima wa mwana ali m'mimba. Zida zimenezi pamodzi ndi kuyeserera kwa pafupipafupi anazifikitsa m'zipatala 30 za m'zigawo zisanu za ku Tanzania, ndipo mu 2025 New England Journal of Medicine inasindikiza kuti imfa za makanda pa nthawi yobadwa zinatsika ndi 18 peresenti.