Opaleshoni ya mtsempha wa Achilles

Opaleshoni ya mtsempha wa Achilles imachitika pa mtsempha wolimba umene umalumikiza minofu ya kumbuyo kwa mwendo ndi fupa la chidendene. Mtsemphawu ukaduka, madokotala amatha kuusoka. Ukakhala wotupa ndi wopweteka kwa miyezi yambiri chithandizo china chitakanika, amachotsa mbali yowonongekayo.

Ku Blantyre, chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana obadwa ndi mapazi opindika potsatira njira ya Ponseti. Mwana amaikidwa chikhakha chosinthidwa mlungu uliwonse, kenako ana ambiri amadulidwa mtsemphawu kuti chidendene chitsike. Umalumikizananso wokha m'chikhakha pa milungu 3. Pambuyo pake mwanayo amavala nsapato zapadera kwa zaka zingapo. Akazisiya msanga, phazi limatha kupindikanso.