Kulera Ana a Mikango ndi Akambuku M'manja mwa Anthu

Kulera ana a mikango ndi akambuku m'manja mwa anthu ndi ntchito imene imachitika m'malo osungirako nyama zakutchire pamene mwana wa chilombo cha mtundu wa mphaka sangathe kuyamwa kwa make, ndipo munthu amalowa m'malo mwa makeyo pomuyamwitsa ndi botolo, kumufunditsa ndi kumuyang'anira kufikira atayamba kudya nyama. Zilombo zimene zimaleredwa motere ndi mikango, anyalugwe, akambuku a mizeremizere a ku Asia, jaguar wa ku America, komanso kakwiyo, nyama yaliwiro kuposa zonse zapamtunda. Akatswiri amaiona ntchitoyi ngati njira yomaliza, yoyenera pokhapokha make atafa, atadwala, atauma mawere kapena atamukana mwanayo, zimene zimachitika kawirikawiri kwa nyama yobereka koyamba kapena yosokonezedwa ndi anthu. N'chifukwa chake malo ambiri odalirika amaika makamera m'chipinda choberekera n'kumaonerera ali kutali, m'malo mothamangira kuchotsa ana.

Mkango umakhala ndi bere masiku pafupifupi 110 ndipo nthawi zambiri umabereka ana awiri, atatu kapena anayi, aliyense wolemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi makilogalamu awiri, ali ndi maso otseka ndiponso wosatha kusunga kutentha kwa thupi lake. Womulera amamuika m'bokosi lofunditsira lotentha madigiri pafupifupi 30 m'sabata yoyamba, n'kumachepetsa pang'onopang'ono, ndipo mwana wozizidwa sayamwitsidwa asanafunde chifukwa matumbo ake sagaya chakudya thupi lili lozizira. Mwana wotere sathanso kukodza kapena kuchita chimbudzi payekha m'masabata oyambirira, choncho ntchito imene make amaichita pomunyambita kunsi kwa mchira imachitidwa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda nthawi iliyonse akayamwa.

Chinthu chimene munthu sangachipange ndi mkaka woyamba wachikasu, umene uli ndi chitetezo cha thupi chochokera kwa make ndipo matumbo a mwana amatha kuchilandira m'tsiku loyamba lokha. Mwana akauphonya, madokotala a zinyama amatha kumubaya madzi a m'magazi otengedwa kwa nyama yaikulu yathanzi ya mtundu womwewo. Mkaka wa ng'ombe sumuyenera, popeza uli ndi shuga wambiri wa mumkaka, wotchedwa lakitozi, pamene mapuloteni ndi mafuta ake ndi ochepa, ndipo zotsatira zake ndi kutsekula m'mimba. M'malo mwake pamagwiritsidwa ntchito mkaka wopangidwira ana a mphaka ndi agalu, monga KMR ndi Esbilac, ngakhale kuti nawonso suli wofanana ndendende ndi wa chilombocho, ndipo ng'ala ya m'maso yaonekapo mwa ana oleredwa ndi mkaka wosowa tizigawo tina ta mapuloteni, monga arginine. Mwanayo amayamwa maola atatu kapena anayi alionse, atagona chamimba monga amachitira pa bere la make, chifukwa akamuyangata chagada mkaka umalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Amakwezedwa pa sikelo tsiku ndi tsiku, pakuti kulemera ndiko kumaulula vuto zizindikiro zina zisanaoneke, ndipo kumupatsa mkaka wopitirira muyeso kumavulaza mofanana ndi kumumana.

Ngozi ina imadza pa nthawi yoyamba kudya nyama, pa miyezi iwiri kapena itatu. Mnofu wokhawokha uli ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, kotero kuti mwana wodyetsedwa mnofu popanda mafupa kapena michere yoonjezera amakula ndi mafupa ofewa, opindika ndi othyoka msanga. Zilombozi sizithanso kupanga vitamini A kuchokera ku zomera, ndipo mikango yoisowa imakhuthala mafupa ena a chigaza amene amapanikiza ubongo, moti imayenda dzandidzandi mutu utapendekera kumwamba. Gwero la nyamayo nalonso n'lofunika, monga zinaonekera mu 2004 ku Sriracha Tiger Zoo m'dziko la Thailand, kumene akambuku 147 anafa kapena kuphedwa chifukwa cha chimfine cha mbalame atadyetsedwa nkhuku zosaphika. Katemera wa matenda a amphaka amayamba mwana ali ndi masabata 6 mpaka 8.

Chovuta kwenikweni, komabe, si thupi la mwanayo koma khalidwe lake. Mwana woleredwa ndi make amaphunzira posewera ndi abale ake malire a kuluma ndi kukanda, komanso mmene nyama za mtundu wake zimamvanirana, pamene wokulira pa botolo amazolowera munthu, amasiya kumuopa, ndipo akakula amatha kulephera kukhala ndi anzake kapena kulera ana ake. Pofuna kuchepetsa vutoli, osunga nyama amayesa kumubwezera mwana kwa make, kumulowetsa pakati pa ana a nyama ina yoyamwitsa, kapena kumupezera mnzake wa msinkhu wake. Mu 2017 malo a National Zoo a ku Washington anatumiza kambuku wamng'ono wotchedwa Rakan, amene make anamukana, ku San Diego kuti akakule limodzi ndi Moka, kambuku amene analandidwa kwa omuzembetsa pa malire a Mexico ndi United States. Ana a kakwiyo okhala okha nthawi zina amaleredwa pamodzi ndi kagalu.

Kuzolowera munthu sikuchotsa chibadwa cha kusaka, ndipo chilombo chosaopa munthu n'choopsa kuposa chomuopa. Mkango wotchedwa Boy, umene George Adamson ankausamalira ku Kora m'dziko la Kenya, unapha wantchito wa Adamson mu 1971, ndipo pa 3 Okutobala 2003 kambuku woyera anavulaza koopsa Roy Horn pa sewero la ku Las Vegas, ngakhale Horn anakhala naye kuyambira kambukuyo ali wamng'ono. Motero malo oyendetsedwa bwino amasiya kulowa m'khola mwana akangofika miyezi yowerengeka, ndipo kuyambira pamenepo munthu ndi nyama amalekanitsidwa ndi waya wolimba ndi zitseko ziwiri zotsatana, chakudya ndi mankhwala n'kumaperekedwa kudzera pa chotchingacho.

Pali kulera kwina kumene sikuchokera pa ngozi iliyonse koma pa malonda. Ku South Africa mikango pafupifupi 8,000 imasungidwa m'mafamu oposa 300, ndipo m'mafamu ambiri ana amachotsedwa kwa amawo atangotha masiku ochepa kuti alendo aziwanyamula ndi kujambulitsa nawo, komanso kuti mkango waukazi utengenso bere msanga. Filimu ya Blood Lions ya mu 2015 inaonetsa mmene ena mwa ana amenewa amathera pa mfuti za alenje m'malo otchingidwa, ndipo mu Meyi 2021 nduna yoona zachilengedwe, Barbara Creecy, inalengeza kuti boma likufuna kuthetsa malondawa. Ku United States lamulo la Big Cat Public Safety Act, losainidwa mu Disembala 2022, linaletsa anthu wamba kuweta zilombozi ndiponso kuseweretsa ana ake kwa alendo.

Kubwezera kutchire chilombo choleredwa m'manja sikuchitika kawirikawiri. Nkhani ya Elsa, mkango umene Joy ndi George Adamson analera ku Kenya kuyambira 1956 n'kuubwezera kutchire, inatchuka kwambiri chifukwa inali yachilendo, ndipo njira yamakono ndi yosiyana nayo. Kambuku wamasiye wa ku Russia wotchedwa Zolushka, amene anapezeka mu 2012, anasungidwa pamalo pamene sankaona anthu n'komwe ndipo anaphunzira kugwira nyama zamoyo asanamasulidwe m'nkhalango ya Bastak mu 2013, kumene anaonekera ali ndi ana awiri mu 2015. Mikango imene bungwe la African Parks linabweretsa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018 inachokera m'nkhalango zotetezedwa, kumene inali itazolowera kale kudzisakira yokha.