Mtsikana wa Kampando: Masaji a pa Nchito ndi Mtengo Wake

Ngati mumaseŵenza ku Boma ya Katete, mwina munamuonapo. Amafika nthawi ya lanchi pa njinga yamoto, kampando kopinda kali kumsana. Sagulitsa salaula kapena vitumbuwa. Amatikita makosi ndi mapewa a anthu amene akhala pa kompyuta kuyambira m'mawa. Ngati na imwe mufuna kuyamba nchito iyi, mvelani.

Kodi ni chani?

Kasitomala amakhala pampando, nkhope pa kapilo, zovala zili m'thupi. Kulibe mafuta, kulibe kuvula. Mumatikita khosi, mapewa, msana ndi manja kwa mphindi 10 mpaka 20, iye n'kubwerera pa desiki. Amene anatchukitsa nchito iyi ndi David Palmer wa ku America, amene anatikita anchito a kampani ya Apple m'ma 1980, ndipo mpando wake unatuluka mu 1986.

Mtengo

Mtsikana uja sagulitsa "masaji", amagulitsa mphindi. Mukati "masaji K50", mdala wina adzakhala pampando mpaka dzuwa kuloŵa. Mukati "mphindi 15", wochi ndiye imakamba.

Ŵerengani musanatchule mtengo. Tinene kuti transipoti, sopo, sanitaiza ndi ma bundle zadya K80 pa tsiku. Mukatchaja K30, anthu atatu oyamba angobweza zimene mwaononga. Phindu yeniyeni imayamba pa wachinayi, ndipo lanchi ni ola imodzi chabe. Ndiye chifukwa chake ofesi imodzi ya anthu asanu iposa maofesi asanu a munthu mmodzimmodzi. Kambani ndi abwana, sankhani tsiku limodzi pa wiki, onse alembetse maina.

Osatengera mitengo ya ku Lusaka. Apa anthu amayerekeza ndi mbale ya nsima ya pa Katete Stores. Koma osatsitsanso kwambiri, chifukwa kukweza pambuyo kumavuta. Mbasela ilipo: wabwera kanayi, kachisanu mphindi zisanu zaulele.

Nkongole ayi. "Nizakupasa pa month end" yapha mabizinesi ambiri. Airtel Money ndi MoMo zili m'foni, alipire asananyamuke.

Kusatsa

Apa mpamene pali nkhani. Tauni ni yaing'ono, ndipo mau akuti "masaji" ena amawamva mokhota. Mphekesera imodzi ikafika ku chechi kapena kwa akazi a kasitomala, dzina lanu lapita, bizinesi nayo. Mtsikana uja anachenjera. Amaika mpando poonekera, pakhonde, chitseko chotsegula. Amavala yunifomu. Anayamba ndi azimayi, ndipo iwo ndiwo anauza ena. Woitana kunyumba usiku amamuyankha mau amodzi: ku ofesi, masana.

WhatsApp status imathandiza, koma osajambula munthu asanavomere. Makasitomala ali m'maofesi, m'masukulu, kwa madiraiva a mathiraki a msewu wa ku Chanida. Kumapeto kwa Ogasiti, pa Kulamba ku Mkaika, alendo amadzaza Katete yonse, ambiri atatopa ndi ulendo wa pa Great East Road.

Zopewa

Imwe sindimwe dokotala. Osalonjeza kuchiritsa BP kapena shuga. Munthu wotupa, wovulala, wodwala malungo kapena wapakati, muuzeni ayambe waonana ndi a chipatala. St Francis' ili pafupi. Phunzirani nchito kwa oidziŵa, ndipo pitani ku khonsolo mukafunse za pepala la bizinesi musanayambe.

Manje mukamuona akutsika pa njinga, osamufunsa za discount. Khalani pansi, mphindi zanu zayamba kale.